Mizere Itatu ya Kalata ya Eni

Dzina loti Nachete sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a mumsewu umene munali kashopu kake kotayipira makalata, kopanikizika pakati pa telala ndi wogulitsa mankhwala a ziweto. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mayiyu ankakhala pampando umodzimodzi, msana kukhoma, nkhope kuchitseko, n'kumatayipa zimene anthu sakanatha kunena pamaso pa anzawo. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, odandaula za mabwana, opita kukhoti, ngakhale othetsa chibwenzi, amene eni ake ankabwera nawo atalemba pamanja, misozi itafufuta theka la mawu. Iye ankangoloza ndi chala n'kufunsa kuti, "Apa mwati chiyani?" Akayankhidwa, zala zinkapitiriza, nkhope osasintha. Pepala la pamanja ankalibweza kwa mwini wake, ndipo mwiniyo akalikana, ankaling'amba tizidutswa iye akuona.

Chuma chake chinali mbiri imeneyo. Mashopu otayipa analipo ena atatu, a makina atsopano ndi mipando yawofuwofu, koma munthu wa nkhani yolemera ankawadutsa onsewo n'kubwera kwa Nachete. Telala, bambo amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale atalumira mapini, anayesetsa zaka zonsezo kuti amutsomphole kankhani. "Amayi, amene atuluka akulirawa, kwagwanji?" Nachete ankayankha kuti, "Chimfine." Mumsewu umenewo anthu anadwala chimfine chambiri.

Kunena zoona, sanali munthu wophweka kukhala naye. Ankakayikira chilichonse chopuma. Loko ankaikoka katatu asanachoke, akafika pakona n'kubwereranso kukaikoka. Munthu womuyamikira kwambiri ankamuyang'ana m'manja. Makalata a makasitomala okhazikika ankawasunga m'kompyuta, aliyense m'foda yake, ndipo mawu otsegulira kompyutayo sanauzepo munthu, ngakhale mlamu wake amene ankagwira naye ntchito.

Mlamuyo anali mkazi wa malemu mchimwene wake. Maliro atatha, Nachete anamutenga kuti azipanga fotokope ndi kumanga mabuku pa katebulo ka pafupi ndi khomo. Anali mayi wansangala, woseka ndi aliyense, ndipo nsangala imeneyo ndi imene inkamusowetsa mtendere Nachete. Munthu angaseke bwanji tsiku lonse popanda chimene akuuza anthu?

Chimene ankachikhulupirira ndi mtima wonse chinali pulinta yakale ya riboni, imene ankaitcha Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Ya makalata inalipo ina yatsopano, koma mapepala aatali olumikizana aja, a zidziwitso ndi mindandanda, ankadutsa m'Chigayo. Chinali ndi khalidwe limodzi loipa: chikayamba sichinkamva. Ukaona cholakwika n'kuchiletsa pa sikirini, icho chinkapitiriza kudya mapepala asanu kapena kuposa. Nachete anapeza njira yake. Ankangotambasula dzanja lamanzere kuseri kwa kompyuta n'kuzula chingwe, Chigayo zii. Akakonza cholakwikacho ankabwezera chingwe, ntchito n'kupitirira. Nzeru imeneyi ankainyadira, ndipo kompyuta itasinthidwa chaka chapitacho, dzanja silinasiye chizolowezi chake.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mphunzitsi wa pasukulu ya kuseri kwa msika, mayi wowonda wolankhula motsitsa mawu. Anapempha kuti mlamu aime kaye panja. Kalata yake inali yopita kwa akuluakulu a maphunziro, yopempha kuti amusamutsire kutali. Nachete anaitayipa, naisindikiza pa pulinta yatsopano, naiika mu envulopu. Mphunzitsiyo anati isungidwe m'foda yake, mwina padzafunika kusintha deti.

Kalatayo ikadali pa sikirini, analowa mlembi wa bungwe la anjinga zamoto, thukuta kamukamu, akufuna zidziwitso makumi anayi za msonkhano wa Loweruka. Chigayo chitangoyamba, mlembi anakuwa kuti ola lalakwika. Dzanja lamanzere linachita zake. Atakonza, Nachete anawerenga pepala loyamba, naona kuti lili bwino, kenako anatembenukira ku kalata ya mphunzitsi n'kuisunga. Mlamu ndi amene anadula mapepalawo n'kuwapinda, akuseka ndi mlembi uja.

Lachinayi telala analowa osaodira, pepala m'manja, maso akuwala.

"Amayi, chimfine chija chafika pa siteji ya njinga."

Chinali chimodzi mwa zidziwitso zija, atachimatula pa mtengo wa magetsi. Pamwamba zonse zinali bwino: msonkhano, Loweruka, naini koloko. Koma pakati, pamene panayenera kukhala nkhani zokambirana, panali tizilembo tosamveka, kenako mizere itatu yomveka bwino lomwe: "...wandiopseza kawiri ndi mpeni pamaso pa ana. Ndikupempha kuti mwamuna wanga asauzidwe sukulu imene mudzanditumize. Ine mphunzitsi wa kalasi yachinayi pa..." Kenako tizilembo tina, ndi dzina la mlembi pansi ngati palibe chachitika.

Nachete anaiwerenganso mizere ija. Sukulu za m'deralo zinali ziwiri zokha, ndipo mphunzitsi wamkazi wa kalasi yachinayi anali mmodzi. Telala anamaliza nkhani yekha osafunsidwa. Pepalalo linakhala pamtengo tsiku lathunthu, anjinga analiwerenga mokweza, mwamuna wa mphunzitsiyo anamva, ndipo mphunzitsi anathawira kwa mchimwene wake ndi ana, opanda ngakhale chosinthira.

Tsiku limenelo sikunabwere munthu wa kalata. Lachisanu kunabwera awiri a fotokope basi. Anthu amene kale ankalonjera ali kutsidya kwa msewu ankadutsa pakhomo akuyang'ana mafoni awo. Nachete anachita mantha, mantha enieni a munthu amene akuona nyumba yake ikuyaka iye ali ndi kapu imodzi ya madzi.

Anakhala pansi n'kuyamba kusanthula anthu mmodzimmodzi. Mlembi sanayandikire kompyuta. Telala khutu anali nalo, koma makina opanda singano ankawaopa. Mphunzitsi mwini wake sakanadziwotchera nyumba. Anatsala mmodzi. Anakumbukira kuti Lachiwiri lija anazungulira kuseri kukataya madzi, Chigayo chikugaya, sikirini ili yotsegula. Anakumbukira kuti mlamu anakwinya nkhope atauzidwa kuti aime panja. Anakumbukiranso tsiku lina, zaka ziwiri kumbuyo, pamene anamupeza akuwerenga satifiketi ya munthu asanaiike pagalasi la fotokope. Mmene mlamuyo akanalowetsera mizere itatu pakati pa pepala limodzi mwa makumi anayi sanadziwe, ndipo sanafune kudziwa. Utsi sufuka popanda moto, anadziuza choncho.

Loweruka masana anamufunsa, telala ataima pakhomo ndi tepi yake m'khosi.

"Alamu, pamene ndinatuluka Lachiwiri, munagwira chiyani apa?"

"Ine? Mapepala aja, monga munandiuzira."

"Ndikunena kompyuta."

Mlamu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kuseka kumeneko ndi kumene kunagamula mlandu.

"Mukuseka? Mwana wa eni akugona pansi kwa achimwene ake, inu mukuseka? Ndinakutengani ngati m'bale wanga weniweni, osadziwa kuti ndikuweta njoka."

"Alamu, ine kompyuta yanuyo ngakhale poyatsira sindipadziwa. Kodi ndilumbire pa manda a achimwene anu?"

"Asiyeni agone. Tengani chikwama chanu."

Mlamu sanalire. Anavula epuloni, naipinda bwinobwino, naiika pamwamba pa makina a fotokope, n'kutuluka. Telala anapatuka kuti adutse, kenako anathamangira kushopu kwake, kumene anthu atatu ankadikira mabuluku awo.

Pofika Lolemba msewu wonse unali utaweruza. Mlamu ndiye anali mpeni kumphasa, ndipo Nachete anali mayi wachilungamo amene sanayang'ane chibale. Makasitomala anabwerera. Mkulu wina wopuma pantchito anamugwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti anthu otere atsala ochepa. Tisabise, Nachete anamva kukoma. Mtima unakhala pansi, ngakhale kuti fotokope ankapanga yekha ndipo msana unkamuwawa.

Panapita masabata awiri. Wogulitsa mankhwala a ziweto anabweretsa mndandanda wa masiku a katemera kuti udutse m'Chigayo. Dzina la mankhwala ena linalakwika, dzanja lamanzere linazula chingwe, zonse monga mwa nthawi zonse. Koma chichitikireni nkhani ija, Nachete ankawerenga pepala lililonse asanalipereke. Pa pepala la khumi ndi chimodzi, pakati pa katemera wa nkhuku ndi wa mbuzi, panali mzere wa kalata ya mlonda wina, yodandaula za bwana wake, imene anaitayipa m'mawa womwewo.

M'shopumo anali yekha. Mlamu anali kwawo.

Analing'amba pepalalo, nasindikiza lina, napereka. Kenako anatseka chitseko dzuwa lili pamutu. Anasuzumira pansi pa tebulo, anachotsa kalendala pakhoma, anakwera pampando n'kuyang'ana kudenga ngati kuli kamera. Atatsika anakumbukira munthu mmodzi amene anagwirapo kompyutayo mpaka m'matumbo: Injiniya, bambo wa magalasi okhuthala amene ankazungulira masukulu ndi maofesi ndi chikwama cha kumsana, ndipo ndi amene anaiika chaka chatha. Anamuimbira foni. "Mubwere. Osati mawa."

Injiniya atafika, anamupatsa kachidutswa kamene anasunga. Bamboyo anawerenga, ndipo m'malo mochita mantha nkhope yake inawala ngati ya msodzi amene waona chingwe chikugwedezeka. Kwa Nachete umenewo unali umboni.

"Munaikamo chiyani m'kompyuta yanga? Amakutumani ndani?"

"Mayi, ndikanafuna kuba makalata anu, ndikanawamata pa mtengo wa magetsi? Wakuba amabisa. Tandipatseni mpando."

Anatsegula sikirini yakuda ya tizilembo toyera, nawerenga nthawi yaitali, mphuno ili pafupi ndi galasi. Nachete anaima pambali pake, maso pa zala zake.

"Chingwe cha pulinta yakaleyi chikumazuka pafupipafupi," anatero Injiniya. "Mwezi uno wokha chazuka maulendo makumi awiri ndi atatu. N'chokhwepa?"

"Si chokhwepa. Ndimazula ndine."

"Ntchito ili mkati?"

"Nanga ndizule itatha? Mapepala amandigulira ndinu?"

Injiniya anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Analankhula pang'onopang'ono.

"M'kati mwa kompyuta muli pulogalamu yaikulu, ife timati kenelo. Imeneyo ndi imene imagawa malo m'memori, ngati landilodi wa zipinda za lendi. Mukalumikiza pulinta, kenelo imapatsa kapulogalamu koyendetsa pulintayo chipinda choika mawu amene akudikira kusindikizidwa. Mukazula chingwe ntchito ili mkati, chipinda chija chimabwezedwa, landilodi n'kuchiwerengera kuti mulibe munthu. Koma amene analemba kapulogalamuka anaiwala kukalanda kiyi. Mukabwezera chingwe, iko kamalowanso m'chipinda chomwe chija. Masiku ambiri mumakhala mulibedi munthu, ndiye palibe chioneka. Koma tsiku lina landilodi amakhala walowetsamo wina, tinene kalata imene mukuisunga nthawi yomweyo, ndipo iko kamangonyamula katundu amene kamupeza n'kukapereka ku pulinta."

Nachete anamvetsera mpaka pamapeto, milomo itapindika.

"Nkhani yokoma, bambo. Mukanakhala m'busa tchalitchi chikanadzaza. Ndionetseni."

Injiniya anamuuza kuti atsegule kalata yatsopano n'kulembamo chilichonse chimene akufuna, mobwereza mpaka tsamba lidzaze. Nachete analemba kuti, "Bamboyu sindikumukhulupirira." Kenako anatumiza mndandanda wa katemera uja ku Chigayo, anazula chingwe, anabwezera, n'kusunga kalatayo Chigayo chikugaya. Panatuluka katemera yekhayekha. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Pofika kakhumi Nachete anali atapinda manja pachifuwa, akuganiza za polisi. Ulendo wa khumi ndi chinayi Chigayo chinatsokomola tizilembo tosamveka, kenako chinalemba pakati pa nkhuku ndi mbuzi, zilembo zakuda bii: "yu sindikumukhulupirira. Bamboyu sindikumukhulu".

Injiniya anaseka mpaka misozi. Nachete sanaseke. Anayang'ana dzanja lake lamanzere, limene linali likadali kuseri kwa kompyuta.

"Cholakwika chimenechi n'chodziwika," anatero Injiniya akupukuta maso. "Eni ake a kapulogalamu kaja anachikonza miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, ndipo makompyuta ena onse analandira mankhwala ake pa intaneti. Yanuyi sinalandire. Paja munakana kuti ndiilumikize."

Nachete anakumbukira bwino lomwe. Anakana, ponena kuti intaneti ndi khomo la akuba.

Bamboyo anatulutsa fulashi m'chikwama, nathira zokonzazo, nayatsanso kompyuta. Anazula chingwe ndi kubwezera maulendo makumi atatu, ndipo Chigayo chinalemba katemera yekha.

"Vuto si lanu, mayi. Munthu ayenera kuzula chingwe popanda chinsinsi cha mnzake kutuluka. Analakwitsa ndi olemba."

"Olembawo ali kuti? Mphunzitsi uja akawapeza kuti? Dzanja ndi la ndani?"

Injiniya anakweza mapewa, namanga chikwama chake. Ali pakhomo anatembenuka n'kutsitsa mawu. "Ine sindiuza munthu. Ndakonza, zatha. Sizidzachitikanso."

Masiku awiri Nachete anayenda nawo mawu amenewo. Anali oona. Sizidzachitikanso, makasitomala abwerera, ndipo msewu uli naye kale wolakwa wake. Ankatayipa, ankapereka moni, koma akatembenukira ku katebulo ka pakhomo manyazi ankamukwera mpaka m'makutu. Lamulungu masana anakwera basi kupita kwa mlamu.

Anamupeza akuchapa pakhonde, beseni pakati pa miyendo. Mlamu anamulozera mpando ndi chibwano, osasiya kufinya malaya.

"Alamu, ndabwera kudzapepesa. Simunali inu. Anali makina, ndi dzanja langali. Bwererani kuntchito mawa. Anthu tidzangowauza kuti tagwirizana."

"Tagwirizana?" Mlamu anaika malaya m'ndowa. "Ndiye kuti ine ndinaba, inu mwandikhululukira. Mtima wabwino bwanji, alamu."

"Sindikutanthauza choncho."

"Ndinapita kushopu ya pa depoti kukafunsa ntchito. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti, mayi, kuno timasunga zinsinsi za anthu. Mwana wa achimwene anu kusukulu akumutcha mwana wa wailesi. Munanenera pakhomo, alamu, atelala ali pomwepo. Mukanenere pomwepo."

Nachete anatsegula pakamwa kuti afotokoze za kenelo ndi landilodi, koma mlamu anali atatola kale malaya ena.

Lolemba m'mawa, asanayatse n'komwe kompyuta, anaitana telala ndi wogulitsa mankhwala, natumanso mawu kwa mlembi wa anjinga. Anaima pakhomo pa shopu n'kunena zonse, mawu akutuluka movuta ngati chitseko cha dzimbiri. Ananena za chingwe, za chipinda ndi kiyi, za intaneti imene anakana. Ananena kuti mlamu wake sanagwire kanthu, ndipo iye anamunamizira.

Telala anamvetsera kukamwa yasa. "Ndiye mukuti, amayi, m'kompyutamo muli landilodi?"

Pofika masana nkhani inali itazungulira msika, koma landilodi ndi kiyi wake anagwera panjira. Ena ankati makina a Nachete amasanza zinsinsi akawagwira kumbuyo. Ena ankati makina alibe pakamwa, mayiyo wangopeka nkhani atalephera kugona ndi mlandu wake. Pa chinthu chimodzi onse anagwirizana: mlamu uja analibe mlandu. Mkulu wopuma pantchito uja anadutsa pakhomo osalonjera.

Lachitatu mphunzitsi anabwera. Anali atawonda kuposa kale, atavala diresi ya eni yomukulira m'mapewa. Nachete anaimirira, mawu opepesa amene anakonza ali pamlomo. Mayiyo anakweza dzanja.

"Ndamva zimene mwanena. Ine za makina sindizidziwa, mayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti kalata yanga ndinakupatsani inu."

"Ndi zoona."

"Akuluakulu andiyankha kuti ndidikire teremu ithe. Bambo a ana akubwera pageti ya sukulu tsiku lililonse." Ananena izi mosakweza mawu, ndipo zinamupweteka Nachete kuposa kutukwanidwa. "Tsegulani foda yanga."

Nachete anakhala pansi. Mphunzitsi sanakhale pa benchi ya makasitomala. Anazungulira tebulo, nadzipanikiza pakati pa mpando ndi khoma, pamalo amene kasitomala sanaimepo chitsegulireni shopuyo. Mpweya wake unkamveka pakhosi pa Nachete. M'fodamo munali makalata khumi ndi awiri, kuyambira yofunsira malo ku koleji, imene anabwera nayo ali mtsikana ndi mayi ake.

"Fufutani. Onse."

Nachete anafufuta imodziimodzi.

"Ndi m'bini momwemo."

Anafufutanso.

"Palibe kwina kumene mwasunga?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Tsegulani ndione."

Nachete anakweza maso. Pakhomo panaima mlonda uja wa kalata yodandaula za bwana, chipewa m'manja, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wina wa nkhani ya kukhoti. Palibe amene ananyamula pepala loti litayipidwe. Ankangodikira kuti mphunzitsi amalize, nawonso afufutitse awo. Nachete anasendeza mpando wake pang'ono kuti mayiyo aone bwino, n'kuyamba kutsegula mafoda.